Kandimverere wa M'galasi

Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Mlandu uli pabwalo kwa amfumu, iwe wagwa ulesi, watuma mphwako kuti akakumverere. Madzulo abwera nazo nkhani, koma ndi zimene iye anatola: uyu anavala chakuti, uja anaseketsa anthu, amfumu anakhosomola mpaka kuwapatsa madzi. Chigamulo chenicheni wachisiya panjira, kapena wachipinda pang'ono kuti chikukomere. Sikuti anafuna kukunamiza ayi. Kungoti mawu akalowa m'khutu la wina n'kutulukira pakamwa pake, satuluka okhaokha. Mwambiwu ukuti ngati nkhaniyo ndi yako, dzuka, ukadzimvere wekha.

Ku Japan, ku Britain, ku America ndi kwina kuli anthu amene mwambiwu sanaumvepo, koma amautsata kuposa ife eni ake. Ndi anthu okonda kumvetsera nyimbo m'nyumba, aja amene kugula masipika amakuona ngati nkhani yaikulu kuposa kugula galimoto. Chikhulupiriro chawo n'chakuti bokosi lililonse limene nyimbo yadutsamo ndi kandimverere, ndipo zodutsamo zikachepa ndiye kuti choonadi chachuluka. Funso limodzi silitha pakati pawo: kodi makina a CD a mavalavu ndingawalumikize molunjika ku ampulifaya yaikulu, osadzera pa preamp?

Zida za anthuwa zimakhala mabokosi atatu. Makina a CD amawerenga chimbale n'kutulutsa nyimbo ngati kamagetsi kofooka. Ampulifaya yaikulu, imene amisiri amati power amp, kawirikawiri ilibe chopotokola chilichonse, ili ndi batani loyatsira basi; chimene yapatsidwa imachikuza kuti chikankhe masipika. Pakati pa ziwirizi pali preamp, bokosi la voliyumu ndi losankhira ngati lero timvera CD, wailesi kapena galamafoni. Valavu, imene ena amati chubu, ndi kababu kagalasi kopanda mpweya mkati, koyaka mofiirira, kamene kanali m'mawailesi ambiri akale. John Ambrose Fleming anapanga valavu yoyamba mu 1904, Lee de Forest anaisandutsa yokuza magetsi mu 1906, ndipo inalamulira mpaka transistor, imene inatulukira mu 1947, inailanda malo pang'onopang'ono.

Ofuna kuchotsa preamp sakulakwa kwenikweni, ndipo mbiri ili kumbali yawo. Preamp inabadwira singano ya galamafoni. Singanoyo imatulutsa ma millivolt 5 kapena ochepera pamenepo, ndiye kuti zigawo zisanu zokha mwa zigawo 1,000 za volt imodzi. Mawu otere ampulifaya yaikulu singawamve. Pamafunika wina woyamba kuwakuza, ndiponso kubwezeretsa besi imene odula mbale za galamafoni amaichepetsa dala motsata muyezo wa RIAA wa mu 1954. M'masiku amenewo palibe amene akanati preamp ndi mlendo wongodya.

Kenako mu Okutobala 1982 kampani ya Sony inatulutsa CDP-101 ku Japan, Philips ya ku Netherlands nayo ili pambuyo ndi makina ake, ndipo zinthu zinatembenuka. Makina a CD nyimbo ikafika pachimake amatulutsa ma volt 2, kuposa singano ija maulendo 400. Tsopano titenge ampulifaya wamba ya ma watt 100 pa masipika a ma ohm 8, imene imachulukitsa chimene yalandira maulendo 20. Kuti itulutse mphamvu yake yonse imangofuna ma volt 1.4. Makina a CD ali nawo kale opitirira. Ndipo munthu womvera nyimbo madzulo pabalaza sagwiritsa ntchito ma watt 100. Watt imodzi imamukwana, imene imangofuna ma volt 0.14 polowera. Nanga preamp ikuchita chiyani pakatipo? M'ma preamp ambiri nyimbo imayamba yadulidwa kwambiri ndi voliyumu, kenako n'kukuzidwanso ndi zamkati mwa bokosilo, kuti ifike pamene inali itapitirira kale isanalowe. Ulendo wopita ndi kubwera umenewu uli ndi mtengo wake: kaphokoso pang'ono, kupindika pang'ono, mawaya ena awiri, ndi ndalama zambiri. Munthu akaona zimenezi n'kunena kuti mthengayu akhale pansi, ine sindingamutsutse msanga.

Vuto n'lakuti mthenga akakhala pansi ntchito yake siikhala naye pansi.

Yoyamba ndi voliyumu. Makina ambiri a CD alibe. Amatulutsa ma volt awo onse nthawi zonse. Ukawalumikiza molunjika n'kudina batani, ampulifaya imapatsidwa zoposa zimene ingathe, ndipo imakuwa ndi mphamvu yake yonse kuyambira noti yoyamba. Masipika wamba pa ma watt 100 amapitirira ma decibel 100 m'chipinda, mlingo umene khutu silipirira kwa nthawi yaitali osavulala. Ampulifaya ikakanikizidwa kupitirira malire ake imadula nsonga za mafunde, ndipo choyamba kupsa chimakhala katwita, kasipika kakang'ono ka mawu apamwamba kaja. Zimbale zambiri kuyambira m'zaka za m'ma 1990 zinajambulidwa mokweza mpaka kudenga, choncho ma volt 2 aja si a apo ndi apo, ndi a nyimbo yonse. Aliyense amene anayendetsapo zokuzira mawu kutchalitchi kapena paukwati amazidziwa izi popanda masamu: ampulifaya saipatsa kanthu osadzera pa mikisa, ndipo mikisayo amayamba waitsitsa.

Ndiye pali makina a CD okhala ndi voliyumu yawoyawo, ndipo apa m'pamene nkhani imakoma. Voliyumu zili mitundu iwiri. Ina imachepetsa magetsi enieni nyimbo itatuluka kale. Ina imachepetsa manambala nyimbo isanasanduke magetsi. Pa CD nyimbo inalembedwa ngati manambala, maulendo 44,100 pa sekondi, nambala iliyonse ya ma bit 16. Ukatsitsa voliyumu ya manambala ndi ma decibel 6, wataya bit imodzi. Ukatsitsa ndi 30, monga mmene munthu angachitire usiku ana atagona, wataya ma bit asanu, watsala ndi 11. Makina atsopano amawerengera pa ma bit 24 kapena 32 kotero kuti kutayikako sikumveka, koma akale ambiri analibe mwayi umenewu. Ndipo ngakhale atsopanowo ali ndi kachilema kamene ogula ambiri amakadziwira kunyumba. Valavu imakhala kumapeto, voliyumu ya manambala ili kumbuyo kwake. Valavu iliyonse ili ndi kaphokoso kake ka siii, ndipo nthawi zina kang'ung'udza ka magetsi a m'nyumba. Ukatsitsa nyimbo, kaphokosoko sikatsika nawo, chifukwa kakubadwira kutsogolo kwa chotsitsiracho. Ampulifaya imakachulukitsa maulendo 20 aja mokhulupirika. Preamp ija inkatsitsa zonse pamodzi, nyimbo ndi kaphokoso komwe. Inkabisa chilema cha mnzake osauza munthu.

Ntchito yachiwiri ndi yosaoneka, ndipo kuti imveke ndiyenera kubwerera kumudzi komwe kunachokera mwambi uja. Mudzi womwewo umene umaseka kandimverere sulola ukwati wopanda ankhoswe. Nkhoswe nayenso amanyamula mawu kuchoka kuno kupita uko, ndipo sawafikitsa mmene anawalandirira. Mawu otentha amayamba wawaziziritsa. Amadziwa kuti akuchimuna amamva bwanji ndipo akuchikazi amapsa mtima ndi chiyani. Zinthu zikavuta ndi iye amene amagogoderedwa usiku. Komabe palibe amene amati nkhoswe wanena za m'maluwa, chifukwa iye si wongomvera. Amasenza kulemera kumene mbali ziwirizo sizingasenzetsane zokha popanda kuthyolana.

Kulemera kumeneku pa zamagetsi amisiri amakutcha impedance, ndipo amakuyeza m'ma ohm. Potulukira pa makina a CD pali ma ohm ake, polowera pa ampulifaya palinso ake, ndipo lamulo la amisiri ndi lakuti a polowera achuluke kuposa a potulukira kakhumi kapena kupitirira. Makina a transistor savutika nazo, potulukira pawo pamakhala ma ohm 100 kapena 200. Valavu ndi ina. Ikamangidwa bwino imatsika kufika ma ohm mazana angapo, koma m'makina ena imakhala pa masauzande. Ampulifaya za mavalavu zimalandira ndi ma ohm 100,000 kapena kuposa, choncho sizilemetsa mnzawo. Koma ampulifaya zambiri za transistor zimalandira ndi 47,000, zina 20,000, zina 10,000 zokha. Valavu yofooka ikakumana ndi ampulifaya yotere imakhala ikukoka katundu woposa msinkhu wake, ndipo kupindika kwa mawu kumakwera.

Palinso kapasita. Valavu zambiri zimagwira ntchito pa ma volt opitirira 100, ndipo magetsi amenewa sayenera kutuluka kupita ku ampulifaya. Choncho pakhomo potulukira amaikapo kapasita, yotsekereza magetsi oima n'kulola nyimbo yokha kudutsa. Koma kapasitayo ikaphatikana ndi ma ohm a ampulifaya imasanduka sefa yodula besi. Kapasita ya ma microfarad 0.47 pa ampulifaya ya ma ohm 100,000 imayamba kudula pa ma hertz 3 kapena 4, pansi kwambiri pa zimene khutu limamva. Kapasita yomweyo pa ampulifaya ya ma ohm 10,000 imadula pa ma hertz 34. Chingwe chachikulu cha gitala ya besi chimalira pa 41. Munthu uja anachotsa preamp kuti amve zonse, tsopano akumva nyimbo yoyera bwino koma yopanda pansi, ndipo pakapita milungu ingapo amayamba kunena kuti nyimbo yawonda, ilibe thupi. Ena apa amathamangira kukagula mawaya a mtengo wapatali, pamene vuto ndi masamu a mizere iwiri.

Preamp yabwino inkalandira makina a CD ndi ma ohm ambiri, osawalemetsa, n'kukankha ampulifaya ndi ma ohm ochepa. Mbali iliyonse inkapatsidwa chimene ingathe.

Ena amayesa njira yapakati: kabokosi kopanda magetsi, kokhala ndi chopotokola chimodzi cha voliyumu. Nthawi zambiri kamagwira ntchito bwino, koma pa makina a mavalavu kamakhala pampanipani. Chopotokola cha ma ohm 10,000 chimalemetsa valavu monga ampulifaya ija. Cha 100,000 chimaipeputsa, koma potulukira pake pamatha kufika ma ohm 25,000, ndipo ndi waya wamba wa mamita asanu mawu apamwamba amayamba kudulidwa cha pa ma hertz 13,000. Ukapulumutsa besi wataya nsonga, pokhapokha waya akhale wamfupi, mita imodzi kapena kuchepera.

Zonsezi ndi za amisiri. Chimene chimandisangalatsa ine pa funsoli ndi china, ndipo ofunsawo sachitchula kawirikawiri. Munthu amene akuthamangitsa preamp chifukwa choopa za m'maluwa ndi yemweyo amene anagula makina a CD a mavalavu. Kodi valavuyo anaigulira chiyani?

CD itangofika, okonda galamafoni anadandaula kuti mawu ake ndi ouma, akuthwa, otopetsa khutu. Zifukwa zinalipo. Mawu onse opitirira ma hertz 22,050 amayenera kudulidwa, ndipo makina ena oyambirira ankawadula ndi masefa ankhanza. Zimbale zina zoyamba nazo zinakonzedwa mothamanga. Mankhwala amene ena anapeza ndi kubweza valavu. Mu 1986 kampani ya California Audio Labs inatulutsa makina otchedwa Tempest, amene ambiri amawatenga ngati oyamba a CD okhala ndi mavalavu. Luxman ya ku Japan inaika kawindo kutsogolo kuti wogula azionera mavalavu akuyaka. Ku Netherlands anatenga makina wamba a Marantz, kuikamo mavalavu awiri, n'kuwatcha AH! Njoe Tjoeb 4000. Shanling ya ku China inawaimika pamwamba penipeni, poyera. Valavu yotchuka m'makina otere, ECC88, sinapangidwire nyimbo n'komwe. Inapangidwira mawailesi a kanema m'zaka za m'ma 1950.

M'makina onsewa kuwala kowerenga chimbale n'kofanana ndi kwa makina ena onse, manambala ndi omwewo, ndipo kachipangizo kosandutsa manambala kukhala magetsi ndi ka transistor ndithu. Valavu imangoima pakhomo, nyimbo itapangidwa kale. Singabweze chimene chinatayika mkatimo. Chimene ingathe ndi kuwonjezera. Noti ya ma hertz 440 ikadutsa mu valavu imatuluka ndi kamthunzi kofooka ka 880, noti yomweyo koma ya pamwamba pake. Khutu silikamva ngati cholakwa, popeza kakugwirizana ndi nyimbo. Limakamva ngati kunona, ngati mawu a woimba adzaza chifuwa. Makina oyezera amakatcha kupindika, womvera amakatcha kufunda. Kamthunziko sikanali pa chimbale. Ndi valavu imene yakanena za m'maluwa, ndipo mwini nyumba wagwedeza mutu kuvomereza.

Amapitiriranso pamenepo. Amazula valavu imene inabwera ndi makina n'kuikamo ina: ya JJ yopangidwa ku Čadca m'dziko la Slovakia, ya ku Saratov ku Russia, kapena akakhala ndi ndalama, yakale ya Mullard kapena Telefunken imene yakhala m'katoni zaka makumi asanu. Amamvetsera, amasinthanso, amakangana za iyi ndi iyo usiku wonse. Chikanakhala choonadi chokha chimene akufuna, mavalavu onse abwino akanamveka chimodzimodzi ndipo masewerawa sakanakhalapo. Akusankha mthenga amene maluwa ake amawakomera. Ndipo m'makina ena otchipa, tinene zoona, valavu imachita zochepa kwambiri, moti kuwala kumene wogula amasirira kumachokera ku kanyali ka LED kobisidwa pansi pake.

Sindikuwaseka. Munthu amene wagwira ntchito tsiku lonse ali ndi ufulu womva nyimbo mmene imamukomera, ndipo makina ena a mavalavu amamveka mokoma zedi. Chimene ndimakana ndi kutcha kukomako choonadi, kenako n'kumanyoza mnzako amene wasunga preamp yake kuti iye akumvera zabodza.

Pajatu mwambi uja ukautsata mpaka kumapeto umameza chimbale chenichenicho. Iwe sunalipo tsiku limene nyimbo inkajambulidwa. Maikolofoni anakumverera, ndipo maikolofoni aliyense ali ndi khalidwe lake. Ena otchuka kwambiri, monga Neumann U47, ali ndi valavu m'mimba mwawo. Kuchoka apo mawu anadutsa mu preamp ya mu situdiyo, analowa mu mikisa yaikulu, mmene nthawi zambiri amadutsa mu tizipangizo makumimakumi totchipa tonga NE5532, timene mwini makina a mavalavu sangatilole m'nyumba mwake. Katswiri wojambula anakweza ng'oma, anatsitsa gitala, anapaka mawu a woimba kamvekedwe ka holo imene woimbayo sanalowemo. Wina anabwera pambuyo kudzafinya nyimbo yonse kuti imveke mokweza pawailesi. Pofika m'manja mwako chimbalecho ndi lipoti la amithenga ambiri, aliyense atanenapo zake. Ulendo wonsewo wayendedwa kale, ndipo mkangano wa preamp ndi wa mita yomaliza yokha. Wofunadi kudzimvera yekha akhale kutsogolo kwa oimba, popanda waya. Ife ena tonse tinatuma kale.

N'chifukwa chake ndimaona kuti funso loyenera si lakuti mthenga akhalepo kapena ayi, koma lakuti ntchito ija akugwira ndani. Makina amene amamveka bwino akalumikizidwa molunjika, monga ena a Ayon ya ku Austria kapena Audio Aero ya ku France, anapangidwa ndi cholinga chimenecho: ali ndi voliyumu yeniyeni, ndipo potulukira pawo anapalimbitsa kuti pakankhe ampulifaya. Kunena mosabisa, preamp ilimo, yangosamukira m'bokosi la CD. Pamenepo munthu amapewa bokosi limodzi ndi mawaya awiri, ndipo phindu lake limatha kumveka. Amene ali ndi makina ena ayambe wayang'ana m'kabuku kawo: kodi voliyumu ilipo, ndipo ndi ya mtundu uti, potulukira pali ma ohm angati, ampulifaya imalandira ndi angati. Manambala akagwirizana, ayese, ndi waya wamfupi, voliyumu ili pansi penipeni, ndi chimbale choyamba mofatsa. Akapanda kugwirizana, preamp ikhale, ndipo asachite nayo manyazi. Akumbukirenso kuti ampulifaya yaikulu ili ndi khomo limodzi. Tsiku limene adzafune kumvera galamafoni kapena wailesi adzagwada kuseri kwa shelefu kuzula mawaya.

Yatsala ntchito imodzi imene preamp inkagwira mwakachetechete. Valavu siidzuka msanga. Imafuna theka la mphindi kapena kuposa kuti itenthe, ndipo m'nthawi imeneyi magetsi a mkati mwake amakhala akukwera, kapasita ya pakhomo ija ikudzaza. Kugwedezeka kumeneku kumatha kutuluka ngati kugunda kumodzi kwakukulu. Makina abwino amatseka pakhomo mpaka zonse zitakhazikika, koma si onse, ndipo ampulifaya ina imalandira kugundako n'kukuchulukitsa mpaka sipika ya besi kutumphira kunja, phu! Kale voliyumu ya preamp ikakhala pansi zonsezi zinkathera pomwepo. Popanda iyo, dongosolo lili m'manja mwa mwini: poyatsa, makina a CD ayambe, papite mphindi, ampulifaya ibwere pomaliza, pozimitsa, ampulifaya iyambe.

Wolemba kabuku ka makina ku Austria kapena ku California amaganiza kuti mwini ndi amene amasankha nthawi yoyatsa ndi yozimitsa. Kwa omvera a ku Lilongwe, ku Chipata kapena ku Johannesburg, kumene magetsi amatha kuthima nyimbo ili pakati, sizili choncho. Akabwerera amabwerera ku mabokosi onse nthawi imodzi: ampulifaya ya transistor yakonzeka m'masekondi ochepa, valavu ikadali yozizira, ndipo pa makina ena voliyumu ya manambala imaiwala pamene inali n'kudzukira pamwamba penipeni. Choncho amene walumikiza molunjika, magetsi akangothima apapase batani la ampulifaya n'kulizimitsa kaye, asanayambe kufunsa ana kuti tochi anaisiya kuti.